Nthungululu m'Basi ya ku Braunstone

Uthenga unandipeza m'basi. Sunandipeze pakhonde, sunandipeze pakati pa anzanga oti nkugwirana nawo m'mapewa, iyayi, unandipeza m'basi ya azungu, zija zosanjikiza, anthu pansi anthu pamwamba, nditakhala pafupi ndi khomo, fulasiki ya phala ili pamiyendo. Foni inalira m'chikwama. Ndinaitulutsa, nkudina pobiriwira paja monga anandiphunzitsira.

"Amayi," anatero apongozi anga, amuna a mwana wanga. "Amayi, wabadwa."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kale, ndipo kumbuyo kwake kunalibe kanthu.

"Akulira?"

"Ndi wamkazi, amayi. Onse ali bwino."

"Sindinafunse zimenezo, bambo. Ndati akulira?"

Ndinangomva nsalu kukhwekhwereza, mapazi, kenaka kamawu kaja, kakang'ono ngati ka mbuzi yongogwa kumene, kaukali, kokalipira dziko lonse: ng'aa, ng'aa, ng'aa.

Ine ine! Mayo ine! Amene amati pakamwa pali chitseko sanamvepo mdzukulu akulira. Dzanja linapita lokha kumlomo, lilime linakumbukira ntchito yake, nthungululu inatuluka, yaitali, yakuthwa, ya ku Ntcheu yeniyeni, inakagunda galasi la kutsogolo nkubwerera.

Ndiye ndinatchera khutu kudikira.

Basi yonse zii.

Ndikuuzeni chimene ndinkadikira, popeza ana a masiku ano ena akuiwala. Kwathu kuno mwana akabadwa, amayi amene ali m'nyumbamo amalulutira, ndipo amene ali kunja amayankha. Kaya ali pamtondo, kaya ali kuchitsime, kaya munatukwanizana naye dzulo chifukwa cha nkhuku, amatula mtsuko nkuyankha. Nthungululu siyenda yokha. Ndi mmene mudzi umanenera kuti mlendoyu tamumva, alowe. Koma m'nyumba ya mayi wodwala mukangoti zii, amayi nkumatuluka mmodzimmodzi maso ali pansi, palibe amene amafunsa. Aliyense wadziwa.

Zii ameneyo ine ndimamudziwa. Mwana wanga wachisamba, amene ndi namwino ku Leicester, pathupi pake poyamba anali akadali kwathu kuno. Mwana anabadwa, sanalire. Tinakamuika ife amayi tokhatokha, opanda nyimbo, opanda maliro, monga mwa mwambo, nkubwerako osayang'anana. Pathupi pachiwiri anali atapita kale ku Mangalande. Foni inalira ndili kudimba, apongozi anati, "Amayi, wabadwa," kenaka mpweya wokha, mpweya wokha, mpaka foni inaduka. Ndiye pachitatu ichi ndinati ayi. Ndikwera ndege ine, ngakhale maondo akane. Mwana ameneyu akadzalira adzapeze pakamwa pomudikira.

Ndinafika chaka chija kunatentha kwawoko mpaka kapinga wa m'mapaki anauma ngati wa mwezi wa Okutobala kwathu. Nyumba yawo ili ku Braunstone, mu Leicester momwemo, ya lendi, ya njerwa, yofanana ndi ya kumanja, yofanana ndi ya kumanzere, kotero kuti ine ndinkaizindikira ndi chidebe chazinyalala chong'ambika chivindikiro. Apongozi amagwira ntchito m'chinyumba chachikulu chosungiramo katundu, ndipo ndi munthu wabwino, ndisaname. Koma dziko lija limatembenuza zinthu. Mkamwini woti kwathu kuno akanandiona patali nkupatuka panjira, kumeneko ndi amene anandiimika pa siteji nkuyamba kundiphunzitsa khalidwe, ine wa imvi, ine amene ndinalangiza atsikana a mudzi wathunthu.

"Amayi, apa pali mzere."

"Uli kuti, bambo? Ine ndikuona anthu angoti balala."

"Uli m'mitu mwawo. Aliyense akudziwa amene anamupeza, ndi amene wabwera pambuyo pake. Mukalowa patsogolo pa amene munamupeza, mwamulakwira."

"Andiuza?"

"Sakuuzani. Angopumira m'mwamba."

Taonani anthu! Mlandu woti woimbidwa sauzidwa.

Tsiku loyambalo ndinalowa m'basi monga munthu wolowa m'nyumba ya eni, ndinawerama pang'ono nkuti, "Mwaswera bwanji nonse?" Mwana wanga, amene tinali naye, ananditsina pamkono mpaka ndinamva m'mano. Ati moni sapereka. Ndinaona gogo mnzanga atakhala yekhayekha, mipando ili mbwee yopanda anthu, ndinamumvera chisoni, ndinakakhala naye phewa ndi phewa. Anakoka chikwama chake nkuchikumbatira, anati "sole," nkusamukira kwina. Ati mpando wopanda munthu ukakhalapo sukhala pafupi ndi mnzako. Ati foni uziyankhira pansipansi ngati ukuba. Ati maso asamakhale pankhope ya munthu. Ati mwana wa mwini ukamuona akulira, usatambasule manja kuti umulandire, angakuitanire apolisi.

"Ndipo wina akakupondani, amayi, muziti sole."

"Andiponde ine, ndipepese ine?"

"Mumapepesa nonse awiri."

"Nanga phazi lopweteka ndi la ndani?"

Apongozi anaseka, ine sindinaseke. Ine ndinakulira m'minibasi ya ku Lizulu, momwe umakhala anayianayi, mwana wa munthu wosamudziwa ali pamiyendo pako, thumba la kachewere lili pamapazi, ndipo pofika pa boma umakhala utadziwa amene wamwalira, amene wakwatiwa, ndi mtengo wa feteleza. Ukafuna kutsika umakuwa kuti "Wotsika!" basi yonse nkukuthandiza kukuwa. Kwawoko ati umadina kabatani kofiira kamodzi kokha, nkukhala ngati sunadine ndiwe.

Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi agalu. Agalu amakwera basi, abale anga, ndipo galu amapatsidwa moni. Munthu yemwe uja woti sangakuyang'ane iwe amawerama, nkumusisita galu m'makutu, nkumufunsa mwini wake zaka za galuyo. Ine miyezi ndinali nditakwera basi imeneyo, palibe anandifunsapo kuti kodi gogo inu kwanu nkuti.

Lamulo limodzi lokha ndi limene linandilowa mumtima. Potsika, aliyense amathokoza dalaivala. Wamkulu, mwana, woledzera, onse "thenkyu," "thenkyu." Ndinati eya, apa pokha anthu awa analeredwa. Ndinkathokoza ndithu, ndi manja awiri, nthawi zina nkupinda bondo.

Tsiku lija matenda anamuyamba mwana wanga kum'mawa. Galimoto ya hayala inabwera, ine ndinali nditamanga kale chitenje, koma anati kuchipatala m'chipinda chochiriramo amalola munthu mmodzi yekha. Ndipo mmodziyo anali ndani? Apongozi. Mwamuna m'chikuta, ine mayi wake womubereka nkutsala pakhomo! Anati ndikhale, adzaimba. Ndinasesa posesa kale. Ndinapinda matewera opinda kale. Ndinaphika phala lamadzimadzi loti mayi wochira amwe, nkulithira mu fulasiki. Dzuwa litafika pamutu nyumba inayamba kundifinya, zii wa m'nyumbamo anayamba kufanana ndi zii uja, ndipo ndinati ndikakhala muno ndifa ndine.

Nambala ya basi ndinkaidziwa, manambala sandivuta. Chipatala ndinali nditapitako kamodzi kokha, kuperekeza mwana wanga ku sikelo, ndipo potsikira sindinkapakumbukira bwino, popeza kabatani anadina ndi iye. Ndinati palibe kanthu, pakamwa ndili napo, ndikafunsa mnzanga wa m'basi. Pa siteji ndinawerenga nkhope, ndinadziwa amene ndawapeza, ndinalowa pambuyo pawo. Khadi ndinagunditsa pakamakina, kanalira. Moni sindinapereke. Ndinakhala pandekha, maso pawindo, milomo yomata. Mzungu weniweni ndinali ine tsiku limenelo, mpaka foni ija inalira.

Ndiye ndati basi yonse zii. Ndanama pang'ono. Alipo mmodzi anayankha. Kumbuyo kunali mayi wina ndi kagalu koyera kaubweya, ndipo kagaluko kanati "bwe!" kamodzi. Mwini wake anakatseka pakamwa, nkutembenukira uku ndi uku: "Sole, sole." Kupepesa kuti galu wake wandiyankha.

Ndinati mwina sanamve kuti nkhani ndi yotani, olakwa ndine. Ndinaimirira basi ikuyenda. Chizungu changa ndi cha mawu owerengeka, koma liwu loti mwana ndimalidziwa. "Bebi!" ndinatero, ndikuwomba m'manja, ndikuloza foni, ndikudziguguda pachifuwa. "Bebi! Bebi!" Mapazi anayamba okha, chiuno chinatsatira, ndipo kanyimbo kanabwera komwe sindinakaimbepo chibadwire: walira, walira, mlendo wanga walira, tsekulani khomo walira.

Bambo wina wa nyuzipepala anaikweza mpaka kubisa mphumi. Mtsikana wa zingwe m'makutu anayang'ana nsapato zake ngati wangozigula. Mnyamata wa kapusi anatukula foni nkuyamba kundijambula, osaseka, osakwiya, kungojambula monga mmene umajambulira galimoto yogubuduzika. Panali nkhalamba ya msinkhu wanga, ya ndodo, ndinati uyu ali ndi adzukulu uyu, adziwa. Ndinamugwira dzanja ndi manja anga awiri. Anamwetulira kamwetulidwe kawo kaja, milomo yotseka ngati kachikwama ka ndalama, ananong'ona kanthu kafupi, nkusolola dzanja lake mwaulemu, mwaulemu ndithu, nkutembenukira kuwindo.

Ulemu wawo ndi umenewo. Sakukankha, sakutukwana. Amangokusandutsa mphepo.

Basi inakhota, fulasiki inagwa pampando, inagubuduzika gubudu gubudu mpaka kukagunda kachipinda ka dalaivala. Mapazi ankangodzipinda kuipatsa njira. Pamenepo basi inaima, pamalo posakhala pa siteji. Dalaivala anatsegula kachitseko kake nkutuluka, chimunthu chofiira, mikono yolembalemba. Anatola fulasiki nkundipatsa. Anayamba ndi mawu ofewa, ndikuganiza ankafunsa ngati ndadwala. Ine ndinati "Bebi!" Anayang'ana pamimba panga, anayang'ana imvi zanga, anayang'ana pansi pa mipando. Kenaka mawu anasintha. Analoza mpando. Analoza khomo, ndipo khomo linatseguka lokha, fyuu. "Pulizi," anatero, koma pulizi ameneyo sanali wopempha. Ndinamva bwinobwino popanda womasulira: khala pansi utseke pakamwa, apo ayi tsika.

Anthu onse aja oti samayang'ana munthu, tsopano ankayang'ana mawotchi. Kupumira m'mwamba kuja apongozi ananena, ndinakumva, kutsogolo, kumbuyo, ngati ng'ombe m'khola.

Ndinasuzumira kunja. Msewu wosaudziwa, nyumba za njerwa zofanana mpaka kumene maso alekeza, zikwangwani zoti sindingazimalize kuwerenga basi ina isanadutse. Nditsike apa ndilowera kuti? Ndiimbire apongozi, asiye mkazi pabedi, azidzasakasaka nkhalamba yotayika, nkudzati amayi tinakuuzani? Ndikhale pansi ndiye, ndikhale chete. Koma ndikakhala chete ndiye kuti mdzukulu wanga walandiridwa ndi galu. Awiri analowa m'dziko lapansi lino mwa zii nkubwerera mwa zii. Wachitatu walira, wachita mbali yake, kamwana kosakwana ndi tsiku lomwe, ndiye ife akuluakulu tilephere yathu chifukwa bambo wa nyuzipepala akuwerenga?

Mkwiyo umene unandigwira pamenepo sindinaumvepo, ngakhale tsiku limene ng'ombe za eni zinandidyera chimanga. Ndinakhala pansi. Ndinakhala bwinobwino, miyendo pamodzi, fulasiki pamiyendo, monga anafunira. Dalaivala anagwedeza mutu, anatembenuka. Anati ndikhale pansi, sanati ndife. Ndinakoka mpweya kuchokera kuzidendene, ndinaika dzanja pamlomo, ndinaimba yachiwiri. Yoyamba ija inali ya chimwemwe. Iyi inali ya nkhondo.

Isanathe nkomwe, denga linayankha.

Abale, denga la basi linayankha! Kuchokera pamwamba paja, kutsika ndi masitepe, inabwera nthungululu ina, yosasa pang'ono ngati ya munthu wodzuka kutulo, koma yathunthu, yodziwa pokwera ndi potsika. Ziwirizo zinakumana pakati pa basi nkulukana ngati chingwe. Kagalu kanalowa pansi pa mpando. Ine misozi waa.

Kenaka mapazi pamasitepe, di di di, nkutulukira mayi wamfupi wonenepa, wa yunifolomu yobiriwira ya osamalira nkhalamba, tsaya limodzi lili ndi chidindo cha windo limene anatsamira.

"Nindani wabala?" anakuwa. Chinyanja cha ku Zambia. "Amai, nimwe? Nindani wabala?"

"Mwana wanga! Wachira mwana wanga!"

"Mwana alira?"

Mwamva funso limenelo? Sanafunse kulemera kwake, sanafunse dzina. Munthu woleredwa.

"Akulira, mwananga, akulira ngati wabedwa!"

Anandikumbatira, fungo la sopo wa kuntchito lili thoo, tinagwedezana uku ndi uku. Kenaka anatembenukira dalaivala nkumuthira Chizungu, chothamanga, chokhala ndi "sole" wambiri m'kati mwake, dzanja lina ali pachifuwa, lina akuloza ine. Dalaivala anakanda m'khosi, anabwerera m'kachipinda kake, khomo linatsekeka, basi inanyamuka. Munthu wina kumbuyo anawomba m'manja kawiri, phwa phwa, ataona kuti ali yekha analeka.

Mayi uja anakhala pafupi nane, phewa ndi phewa, mipando yopanda anthu ili pomwepo. Atapuma anayamba kundikalipira monong'ona.

"Koma amai, kuno sitichita so. Mu basi? Angakuchotseni zoona. Aba bantu chongo sibafuna."

"Nanga inu mwayankhiranji?"

Anandiyang'ana, anayang'ana kumasitepe kumene anachokera, ngati akufuna amuone amene wachita zimenezo.

"Kaya. Nenze gone ine. Yoyamba nayesa nilota, niganiza nili kwathu ku Chipata. Yachiwiri pakamwa panaseguka peka." Anaseka mpaka kupukuta m'maso. "Zaka zonse izi nikwera basi iyi monga mbuu. Manje mawa bazaniyangana bwanji?"

"Sakuyang'anani. Samayang'ana munthu."

"Apo mwakamba zoona."

Ndinamuuza za awiri aja. Sanati sole. Anangondigwira bondo nkulisiya dzanja pomwepo. Atandifunsa kumene ndikutsikira ndinati kuchipatala, koma potsikira pake sindikupadziwa. Anati siteji yake ya kuntchito tinaidutsa kale pamene ankandikalipira, ndiye palibe kanthu, wachedwa kale ku shifiti, akandifikitsa. Patapita kanthawi anandigwira chala changa nkuchiika pakabatani kofiira. "Dinani mweka, ambuya. Kamozi." Ndinadina. Kanalira ting'. Ambuya! Kwawo ndiye kuti agogo, ndipo anali munthu woyamba kunditchula dzina latsopano limene mwana ameneyu wandipatsa.

Potsika anthu anandandalika, thenkyu, thenkyu, aliyense kuponya kake. Ine ndinafika pa dalaivala milomo ili yomata. Mnzanga uja anandigunda ndi chigongono.

"Yamikani, amai."

"Ndithokoze chiyani?"

"Wakufikisani."

"Amafuna kunditaya m'tchire."

Dalaivala ananena kanthu, maso ali pachiwongolero.

"Afunsa ati ni mwamuna olo mkazi."

"Akanafunsa kuja ndikanamuuza, ndi kuvina komwe. Muuzeni kuti akulira. Chachikulu ndi chimenecho. Muuzeni kuti mwana akulira."

Anamuuza. Ndipo munthu uja, atamva kuti mwana akulira, nkhope inagwa, anapendeketsa mutu, anati, "Oo, sole."

Sole! Zaka zonse zija ndikupempha Mulungu kuti ndimve kulira kumeneko, iye ati sole. Ndinatsika. Sindinathokoze, ndipo mpaka lero sindinalape. Lamulo lawo limodzi lokha limene ndinalikonda ndi limene ndinaliphwanya dala.

M'chipatala namonso ndi m'basi momwemo, anthu kuyenda monyang'ama, makatani otseka, aliyense kuseri kwa nsalu yake ndi chimwemwe chake ngati chakuba. Mayi wa ku Zambia anandifikitsa pakhomo la wodi, anafunsira njira yonse, ndipo apongozi atatuluka anadzidzimuka kundiona.

"Amayi! Mwabwera bwanji?"

"Pa basi, bambo. Pamzere ndinaima, kabatani ndinadina."

Mwana wanga anali chogona, milomo youma, maso olowa, kanthu kokulungidwa kali pachifuwa. Atangondiona ndikukoka mpweya anatukula dzanja.

"Amayi, chonde, muno musayambe. Muli anthu odwala, ndiponso anzanga a ntchito."

"Usaope, mwanawe. Ndayamba kale, ndamaliza."

"Kuti?"

"M'basi."

Apongozi anagwira kumutu. "M'basi, amayi? Anthu anati chiyani?"

"Woyamba kuyankha anali galu, bambo. Ndi amene ndamupeza ndi khalidwe m'dziko lanu lino."

Koma mwana wanga sanaseke. Anandigwira chitenje nkundikokera pafupi, namwino wathunthu, wa Chizungu chake, wa galimoto za hayala, amene ananditsina pamkono chifukwa cha moni. Ananong'ona ngati kamtsikana.

"Amayi, munthu anayankha?"

"Anayankha."

"Zoona?"

"Suyo waima pakhomoyo, wachedwa kuntchito chifukwa cha iwe."

Anatukula mutu, anamuona mayi wa yunifolomu yobiriwira akumugwedezera dzanja, ndipo analira mwana wanga, kulira kumene sanalire pa awiri aja. Anati chibadwire mwanayo aliyense ankamuuza mawu abwino, motsitsa, momusisita, koma iye khutu linali kunja, kumangodikira, kumangodikira, osadziwa kuti akudikira chiyani. Ndinamulandira mdzukulu wanga. Anatsegula kukamwa nkundikalipira, nane ndinamuuza kuti kalipa, mayi, kalipa, kwamveka kale. Phala linali likadali lofunda. Linagubuduzika m'basi koma silinatayike, ndipo mwana wanga anamwa lonse.

Mchombo utagwa tinamutulutsa mwana, Loweruka. Dzulo lake ndinawaona apongozi akugogoda kwa aneba, kumanja ndi kumanzere, kupepeseratu kuti mawa kukhala phokoso. Kupepesa chimwemwe chisanachitike! Ndinawayang'ana pawindo, ndinangoti dziko ili lawadya anthu. Koma m'mawa kutacha mabasi omwe aja, a zii aja, anayamba kutula anthu athu pa siteji, aliyense atakhala chete njira yonse, nthungululu ataisunga m'masaya ngati madzi.

Anabwera mayi busa a kutchalitchi kwa mwana wanga, ndi amayi a chigwirizano atavala zoyera zawo pansi pa majekete. Anabwera anamwino anzake atatu, wina wa ku Mzimba, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Nkhotakota amene anabwera osagona. Anabwera alamu awo a apongozi kuchokera ku Normanton, ndi akazi awo, ndi ana awo amene ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chizungu, koma kuvina anavina. Anabwera mayi wa sitolo ya ku Hyson Green atasenza ufa ndi usipa, anachita kukwera thiramu, kasitima ka m'misewu kaja, kenaka sitima yeniyeni ndi basi, nkufika akutukwana masitepe. Anabwera anyamata awiri a ku yunivesite amene sitinawaitane, anangomva kuti kuli nyama. Anabwera a ntchito anzawo a apongozi, wina wa ku Dowa wa mawu ngati ng'oma. Anabwera gogo mnzanga wa ku Zomba, amenenso anapitira mdzukulu, tinagwirana manja osasiyana mpaka madzulo. Anabwera neba wa kumanzere, mzungu, ndi tinsapato toluka yekha, anaima pakhomo, tinamuitana katatu, anati safuna kusokoneza, koma sanachoke, anaima pomwepo phazi likugunda pansi. Wa kumanja anatseka windo, ameneyo sindimuwerenga.

Ndipo pomalizira, atachedwa monga mwa chizolowezi chake, yunifolomu yobiriwira ikadali m'thupi, anabwera mwana wanga wa ku Chipata, wa pamwamba pa basi. Sanagogode. Anaima pamsewu, pakati pa Braunstone, pafupi ndi chidebe chong'ambika chija, nkuika dzanja pamlomo. Tsiku limenelo anayamba ndi iye, ndipo ine ndinayankha, ndi nyumba yonse pambuyo panga.